Akuti Ndibwere ndi Munthu

Mzime wathu wokondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino, pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Kodi kamtsikana kaja kanasiya kutsokomola? Nanga msana wako, ukadali kuunamizira mpando wa kuntchito? Kuno tilipo. Amayi akudya bwino, miyendo yawo ili ndi mphamvu kuposa yanga. Mutu wokha ndi umene ukunka nutalikira tsiku ndi tsiku.

Usadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wopanda foni. Zimene ndikufuna kukuuza sindingazinene pafoni, chifukwa ikangolira, Amayi amakhala afika kale pambali panga, dzanja atatambasula. Komanso ndi nkhani ya kuchimbudzi, ndiye uwerenge utamaliza kudya.

Mwezi wathawu ndinapita kuchipatala chifukwa cha chizungulire. Ndikakhala pamakina osokera, singano ndinkaiona ngati zilipo ziwiri. Dokotala anati magazi anga ndi ochepa, ndipo anandipatsa kabotolo koti ndikaikemo kachimbudzi pang'ono akayeze. Ndinakabweza nditakakulunga ngati mphatso ya ukwati. Zotsatira zinabwera zoti muli magazi osaoneka ndi maso.

Anandifunsa kuti Bambo anamwalira ndi chiyani. Nditanena kuti ndi m'mimba, koma dzina la nthendayo sitinauzidwe, anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Anati sakunena kuti ndili ndi khansa, nthawi zambiri zimakhala zazing'ono, koma ayenera kuona m'matumbo ndi maso, osati kungoganizira.

Njira yake ndi kachubu katali kofewa, kokhala ndi kamera kunsonga. Kolowera kake usandifunse, ndiwe wamkulu. Akapeza tinyama tomera m'matumbomo amatidula pompo tisanasanduke zoipa. Ndinafunsa ngati palibe njira ina yaulemu. Anati ilipo ya sikani, yongogona pamakina uli maso, koma ikaona kanthu umabwereranso ku kachubu komweko. Zoyezanso chimbudzi anati n'kudzinamiza, poti chayankha kale.

Kenako namwino anandikhazika pansi kuti ndisankhe za tulo. Akuti angandigoneke tulo tofa nato, ndidzuke zonse zitatha. Kapena andibaye jakisoni wongoledzeretsa, womamva anthu akulankhula ngati ali chipinda china. Kapena ndilowe wamaso, ndizionera matumbo anga pa TV ngati filimu. Akuti ena amapirira ndithu, m'mimba mumangopotokola kachubuko kakamakhota. Koma jakisoni aliyense ali ndi lamulo lake: ubwere ndi munthu wamkulu wokutenga, ndipo mpaka mawa lake usaphike, usagwire makina, usasamale munthu wina.

Usasamale munthu wina! Ndinaseka mpaka namwinoyo anadabwa.

Mnzanga wa pasaluni uja sindinamuuze, chifukwa cha manyazi. Ukumudziwa, pakamwa pake ndi pawailesi. Ndipo ngakhale akanandiperekeza, Amayi akanatsala ndi ndani? Nkhope yachilendo saifuna. Mayi amene ndinamupeza chaka chatha kuti azindithandiza anam'thamangitsa ndi tsache mpaka pamsewu, akukuwa kuti wakuba.

Ndiye ndinachenjera kuchenjera kwa chitsiru. Ndinati akufuna munthu wamkulu, m'nyumba muno wamkulu ndili naye. M'mawa mutu wa Amayi umakhalako bwino, amapereka moni ngati mphunzitsi, ndipo munthu wongowaona kumene sangadziwe kanthu. Ndinaganiza kuti ndisankha jakisoni wongoledzeretsa uja, Amayi akhale pabenchi monga wondiperekeza, kenako titenga takisi, ine ndizidzandira pang'ono, iwo aziyenda.

Dzulo lake la tsiku loyezedwalo sindinadye. Ndinangomwa madzi ndi chigubu cha mankhwala otsuka m'mimba, okoma ngati madzi otsukira mbale. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, koma kuno chitsekocho anakhoma ndi Amayi, ali m'kati akuchapa masokosi oyera kale musinki, ine panja ndikuvina. Inandipulumutsa ndi ndowa ya mopu. Seka, ndakulola.

Kutacha ndinawaveka diresi yabuluu ija, magalasi, ndi chikwama chawo cha m'manja. Mutakisi ndinawaphunzitsa mayankho njira yonse. Titafika, anapereka moni wokoma kwa namwino, n'kumuyamikira tsitsi. Atawafunsa ngati ndi iwo anditenge zikatha, anavomera mwaulemu. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako namwinoyo anangofunsa mocheza kuti ine ndi ndani wawo. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati ndine mayi wosoka amene ndimakhala kunyumba kwawo, munthu wabwino ndithu, kungoti ndimawatsekera zitseko. Anawonjezera kuti iwo sakhalitsa, akudikira amuna awo abwere kudzawatenga.

Iwe, ndinalakalaka nditalowa pansi. Sikoyamba kuti asandidziwe, koma sanandikanepo pamaso pa munthu.

Namwinoyo sanandikalipire. Anangonena motsitsa mawu kuti jakisoni sangandibaye. Anati ndisankhe, ndibwere tsiku lina ndi munthu, kapena ndilowe wamaso pompo poti m'mimba ndatsuka kale. Nditakumbukira chigubu chija, ndinati wamaso. Ndinawakhazika Amayi pabenchi, n'kuwapatsa chitini changa cha mabatani kuti azisankha, poti chimawakhazika phee. Namwinoyo anati aziwasuzumira, koma naye anali ndi odwala ake.

Anandiveka kamkanjo kotseguka kumbuyo, n'kundigoneka chammbali, mawondo nditapinda. Dokotala akuvala magolovesi, ndinamva mabatani akumwazika pasimenti kunja kwa chitseko. Sindinadikire kuuzidwa. Ndinadumpha pabedipo, ndipo benchi ndinaipeza ili yokha.

Ndinathamanga m'khonde lonse la chipatala, dzanja lina litagwira mkanjo kumbuyo, koma zimene anaona anthu anaona. Amayi ndinawapeza pageti, pakati pa msewu wotulukira, akuimitsa galimoto iliyonse n'kumafunsa oyendetsa ngati aona amuna awo. Lole ina inaima pafupi moti ndinamva kutentha kwa injini pamiyendo. Pobwerera tinapeza pabedi paja pagona wina. Tinakwera takisi, ine m'mimba muli mbee, osayezedwa, iwo akundidzudzula kuti ndataya mabatani a eni ake.

Andipatsa tsiku lina, chapakati pa mwezi wamawa. Dokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti iyi si nkhani yomangosunthasuntha. Kuyambira pamenepo ndagwira njakata. Sikani singandithandize, chifukwa nayo imafuna kuti ndilowe ndekha m'chipinda, ndipo mwina ingonditumizanso ku kachubu. Wamaso ndayesa, ndaona kuti ngakhale nditalimba mtima, makutu anga adzakhala ali pabenchi. Njira zonse zimene andipatsa zikuthera pa Amayi.

Ndikuuze zoona, mchimwene wanga. Ndikufuna tulo tofa nato tija. Ndili ndi mantha, a kachubuko ndi a zimene akapezemo, ndipo sindikufuna kuziona pa TV ndili ndekha. Koma si mantha okha. Namwino atanena kuti ndikagona sindidzamva kanthu ngakhale wina andiitane, ndinameza mate ngati akunena za chakudya. Ndaiwala kuti kugona osatchera khutu kumakoma bwanji. Ndikuchita manyazi kuti mpumulo umene ndikuulakalaka ndi wa pabedi la chipatala, koma ndi mmene zilili.

Wa pasaluni uja ndinamuuza tsopano, ndipo sanaseke n'komwe. Wati adzatseka saluni, adzandiperekeza, ndipo ndidzagona kwake mpaka mankhwala athe m'thupi. Ine ndiye ndapeza munthu. Chatsala n'chakuti Amayi akhala ndi ndani, ndipo apa ndi pamene ndasowa mtengo wogwira, chifukwa padziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene amamumvera kupatula ine.

Ukudziwa chimene ndikunena. Mawu ako ndi a Bambo enieni, ngakhale katsokomoledwe. Ndikudziwanso chifukwa chake unasiya kuimba foni. Mlamu anandiuza kuti tsiku lija Amayi anakutcha mwamuna wawo n'kukufunsa chifukwa chimene unawasiyira okha, unadula foni n'kukakhala m'galimoto osailiza, ukulira. Sindinakuimbe mlandu, ndipo lero sindikukuimba. Kukhala mayi wosoka n'kopepuka kuposa kukhala munthu amene tinamuika m'manda.

Koma chimene sunachione ndi ichi. Ukalankhula nawo, amakhala pansi. Amadya osalavula, amamwa mapiritsi, amapesa tsitsi, ndipo tsiku lonse sayandikira chitseko, poti amene amakam'funa kumsewu wapezeka. Ine ndayesa nyimbo, zithunzi, mabatani, ngakhale kuwaopseza, Mulungu andikhululukire. Palibe chimene chimachita zimene mawu ako amachita.

Sindikudziwa ngati abwana ako angakulole, ndipo ulendowo ndi wautali. Sindikukukumbutsa kuti mayi ndi athu tonse, ukudziwa kale. Ndikungokuuza kuti ukapanda kubwera ndidzasunthanso tsikulo, ndipo ndidzalisunthanso, kwinaku chimene chikutulutsa magazi m'mimbamu sichikudikira munthu. Chikandigwetsa, sudzawasunga usiku umodzi wokha, koma masiku onse.

Dokotala anatinso nawe ukayezetse, poti magazi ndi amodzi. Usati ndilibe nthawi. Iwe uli ndi wokuperekeza.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuthokoze chifukwa chosandibisira. Ana uwauze kuti azakhali awo sanaiwale miyezo yawo, koma atumize ina poti akula. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu ndi mtendere m'nyumba mwanu.

Ukadzafika, Amayi adzakufunsa kuti unali kuti nthawi yonseyi. Usadzawakonze, ndapota nawe. Udzangonena kuti unachedwa kuntchito, ukhale nawo pansi, udye nawo. Ukhale Bambo tsiku limodzi lokha, kuti mwana wawo akagone.

Ndine mlongo wako,
Chisamba wa Amayi