Moni wanga wa pa foni wamuyalutsa mwana wanga ku ntchito

Aphungu,

Ndine nkhalamba ya zaka 71. Kalatayi ndalemba ndekha, ndiye mukapeza pokhota musadabwe, sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndinagwira umesenjala mu ofesi ya boma zaka makumi atatu. Ntchito yake inali kunyamula mafayilo kuchoka chipinda ichi kupita chipinda icho, kuwiritsa tiyi, ndi kukhala pa benchi pansi pa masitepe kudikira belu la bwana.

Mayi a ana anatisiya zaka zinayi zapitazo. Panopa ndimakhala kwa mwana wanga wamkazi, wachiwiri kubadwa, m'nyumba ya boma ya zipinda ziwiri imene anapatsidwa chifukwa cha ntchito. Amagwira kosunga mafayilo mu dipatimenti ina. Ndi iyeyo anandigulira foni yamakono yopanda mabatani, akuti ndisamasungulumwe masana. Akanadziwa akanandigulira nkhuku zoti ndiziweta.

Wometa wa pa kona pathu anandilowetsa m'gulu la pa foni la madoda a m'dera lathu. Poyamba tinkangokamba za mpira ndi za amene wamwalira. Boma latsopano litalowa n'kulengeza kuti lidula ndalama zimene limagwiritsa ntchito, gulu lija linasanduka nyumba ya malamulo. Mbali ina kunali Aphunzitsi opuma, amene amalemba Chingerezi chachitali ngati njanji, chodzaza maperesenti. Iwo ankati kudulako kupweteka osauka. Mbali inayo kunali ine. Musandifunse kuti za chuma cha dziko ndinaziphunzira kuti. Ndinangoona kuti Aphunzitsiwo akufunika munthu wowatsutsa, chifukwa ankatilankhula ngati tonse tavala kabudula wa sukulu.

Zala zanga ndi zazikulu, ndikadina chilembo chimodzi zimabwera zitatu, ndiye ine ndimajambula mawu. Anthu anazikonda. Ndinkangoti dulani, dulani basi, mpaka anandipatsa dzina loti a Dulani. Kumsika anayamba kundiitana choncho. Ndinafika pomavala jekete ndikamajambula, chonsecho mawu saoneka.

Tsono pali chizolowezi changa chimodzi. Ine ndinakulira pa wailesi, nthawi imene munthu akapatsidwa mpata wolankhula ankayamba wadzitchula dzina ndi kumene ali, n'kumaliza ndi moni kwa abale. Kwa ine kulankhula m'makina osapereka moni ndi mwano. Ndiye uthenga uliwonse ndimaumaliza ndi moni: kwa mlongo wanga, kwa alamu, ndi kwa mwana wanga, dzina lake lonse ndi ofesi imene amagwira, chifukwa ndimamunyadira.

Mwanayu akaweruka amavula nsapato pakhomo, kukhala pa mpando wa pafupi ndi zenera, n'kuyamba kundifotokozera za tsikulo. Amatsanzira mawu a aliyense, mpaka kayendedwe. Chimwalirire mayi ake, ola limenelo ndi limene ndimadikira tsiku lonse. Tsiku lina anandiuza akuseka kuti chiletsereni kugula mapepala ndi inki, makina osindikizira angoti zii, ndipo anthu anayi a mu ofesi mwawo ikamakwana leveni koloko amakhala alibenso chochita. Wina amaluka juzi, wina amawodzera atatsamira kabati, ndipo bwana wawo amagulitsa mazira m'buti ya galimoto ya boma.

M'mawa mwake Aphunzitsi analemba pagulu kuti m'boma mulibe munthu wongokhala. Ndinavala jekete. Ndinanena zonse, juzi, kabati, mazira. Ndinawonjezera kuti izi sindinazitole pa msewu ayi, ndazimva m'nyumba mwanga momwe. Zoti anthuwo akungokhala chifukwa mapepala anadulidwa ndi boma lomwe ndinkaliombera m'manjalo, ndinazisiya. Sindinaiwale, Aphungu. Ndinaona kuti zindiwonongera mfundo. Kenaka ndinapereka moni monga mwa masiku onse.

Ine ndinkayesa gulu lili ngati chipinda cha wometa: muli anthu khumi ndi anayi, mukalankhula mawuwo amagwera pansi limodzi ndi tsitsi, madzulo asesa. Sindinkadziwa kuti pali kamuvi kamene munthu akadina, mawu ako amanyamuka opanda iwe. Wometa uja, chifukwa chondikonda, anautumiza kumagulu ena. Pofika Lachitatu uthengawo unali pa masamba a anthu okangana za ndale, wina atauikira chithunzi cha nkhuku itavala tayi. Ena ankalemba kuti mdala ameneyu akhale nduna. Ena ankati ndine nkhalamba yopanda mano imene ikudya penshoni yaulere. Mano ndili nawo asanu ndi anayi. Ndinasangalala masiku awiri athunthu, ndinametetsanso tsitsi lisanakule kuti ndikangomva anthu akunditama.

Lachisanu mwana anafika, anavula nsapato, koma pa mpando sanakhale. Anangoti, "Ababa, moni wanu wafika." N'kulowa kuchipinda.

Zotsalazo ndinazimva kwa mayi woluka juzi uja, amene anandipeza podikirira basi n'kunditsuka bwinobwino anthu akuona. Akuti bwana anaitana onse anayi, anaika foni pa tebulo, n'kuiyatsa kuyambira poyamba mpaka pa moni. Sanakalipe. Anangomufunsa mwana wanga ngati bambo ake amakonda mazira owiritsa kapena okazinga. Chiyambire tsikulo anzake sadya naye nkhomaliro, akalowa amasiya nkhani. Mwezi wamawa kukubwera komiti yoona maudindo oti achotsedwe, ndipo mwa anayiwo akuti atsala awiri. Wolemba lipoti la aliyense ndi bwana wa mazirayo. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha.

Chimene chimandiseketsa mowawa ndi ichi. Munthu amene ndinkafuula kuti achotse ongokhala, ndine amene ndinasalalitsa benchi ya boma ndi thalauza zaka makumi atatu. Masiku ena belu silinkalira mpaka kuweruka. Akanadula m'nthawi yanga, woyamba kutuluka ndikanakhala ine, ndipo mwanayu sakanaphunzira, chifukwa anaphunzira ndi malipiro a pa benchi pomwepo. Ndinanyamula maenvelopu a anthu zaka zonsezo osatsegulapo ngakhale imodzi. Ndadzatsegula ya mwana wanga, nditavala jekete.

Patha milungu itatu. Sanandikalipirepo. Amaphika, amandichapira, amafunsa ngati ndamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Ndikafunsa za kuntchito amati, "Kunali bwino, Ababa." Pa mpando wa pa zenera paja anaunjikapo zovala zofuna kusita. Ndinayesa kupepesa kamodzi. Ndinati pepa mwana wanga, koma kodi zimene ndinanenazo si zoona? Anandiyang'ana, n'kupita kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Wometa akuti ndisagwedezeke, anthu akudikira gawo lachiwiri. Aphunzitsi, amene ndinkawayesa adani, anandiimbira foni mwaulemu n'kundilangiza kuti ndijambule uthenga wina wonena kuti zonse zija ndinapeka nditaledzera. Mowa ndinasiya mwanayu asanabadwe, koma ngati zingathandize ndivomera kuti ndinamwa mgolo wonse. Maganizo anga ine ndi opita kwa bwanayo ndekha kukagwada, ngakhale kukagula mazira onse a m'butimo.

Za boma sindikukufunsani. Lidule, lisadule, ine ndatopa, ndipo zikuoneka kuti silinkadikira malangizo anga. Ndikufuna mwana wanga asachotsedwe ntchito chifukwa cha pakamwa panga, ndipo achotse zovala zija pa mpando. Ndiyambire pati?

S.D.M., kuseri kwa msika waukulu

Bambo S.D.M.,

Kalata yanu inatha ndi moni kwa anthu asanu ndi awiri. Ndaudula. Ndasinthanso tina ndi tina kuti mwana wanu asadziwikenso kachiwiri, chifukwa nyuzipepala nayo si chipinda cha wometa. Mukuona kuti matendawa sanakuchokeni?

Ndakukondani chifukwa simunabise pamene panalakwika. Kusadziwa kamuvi ka pa foni si tchimo, ambiri a msinkhu wanu sakadziwa. Moni nawo si tchimo. Cholakwa ndi chakuti mwana anakupatsani nkhani yoti museke awiri, inu munaitenga, munaidula mbali imene inkamuteteza, n'kukamenyera nayo Aphunzitsi. Iye anaumva uthengawo pa tebulo la bwana, ndipo anazindikira chimene munachotsa. Anzake amuyesa kazitape, koma chimene chamutseka pakamwa panyumba ndi chimenecho.

Uthenga wachiwiri musajambule, kaya wa wometa kaya wa Aphunzitsi. Nkhani za pa foni zimafa zokha zikasowa chakudya, ndipo yanu yayamba kale kuzizira. Mukanena kuti munaledzera, anthu aiukitsa yoyamba ija kuti aziyerekeza, ndipo dzina la mwana wanu lizunguliranso. Komanso bodza latsopano silichapa lakale. Muuzeni wometa, maso ndi maso, kuti afufute uthengawo kulikonse kumene angathe, ndipo asadzatumizenso mawu anu popanda kukufunsani.

Kwa bwanayo musapite nokha. Ofesiyo si yanu, ndipo mwalowamo kale kamodzi osaitanidwa. Tangoganizani mwana wanu akukweza mutu n'kuona bambo ake atagwada pakati pa makabati, anzake akuonerera. Iye ndi amene akumudziwa bwanayo. Akaona kuti kalata yopepesa yochokera kwa inu ingathandize, mulembe zimene iye avomereze. Akati ayi, ndi ayi.

Poyambira ndi panyumba. Sankhani nthawi imene sakuthamangira kuntchito, foni muisiye kuchipinda, ndipo mupepese popanda “koma”. Kupepesa kwanu koyamba kunali kupitiriza mtsutso. Nenani zimene mwandiuza inezi: kuti munadziwa chifukwa chimene anthuwo akungokhalira, ndipo munachisiya dala kuti mupambane. Mukatero mufunse kuti iye akufuna muchite chiyani, kenaka mutseke pakamwa. Akakalipa, musadziteteze. Milungu itatu ya “kunali bwino” ili ndi zambiri mkati, zilekeni zituluke. Zovala za pa mpando musazichotse inu. Ngati manja akukuyabwani, zisiteni n'kuzibwezera pomwepo.

Pa za ntchitoyo, ndisakunamizeni, sindikudziwa kuti zitha bwanji. Komiti imayenera kuyang'ana zambiri kuposa lipoti la munthu mmodzi, koma bwana wochititsidwa manyazi ali ndi cholembera m'manja. Mwana wanu akadzayamba kukumverani, mulimbikitseni asonkhanitse umboni wa ntchito yake: malipoti a zaka zapitazo, makalata omuyamikira ngati alipo, ndi zolembedwa zosonyeza kuti anapempha mapepala osapatsidwa. Aonanenso ndi a bungwe la ogwira ntchito komiti isanafike, osati itapita. Inu kumbali kwanu yambani kufunsa mwakachetechete kwa ana anu ena ndi abale za kumene mungakhale zitavuta, kuti iye asasenze nkhawa ya denga lanu pamwamba pa yake.

Maganizo anu pa za boma musawataye. Munthu wa Sitandade 6 ali ndi ufulu wonena ngati wa maperesenti, ndipo misonkho imakhudza nonse. Ingopumulani kaye mwezi uno, ndipo mukadzabwerera muzipereka zitsanzo za benchi yanu. Imeneyo ndi yanuyanu, ndipo mwaifotokoza bwino kuposa nkhani ya mazira.

Chenjezo langa ndi ili. Mwana wanu atha kukukhululukirani koma osayambiranso msanga kukufotokozerani za kuntchito, ndipo musamuumirize. Ndipo zikachitika kuti dzina lake latuluka pa mndandanda wa ochotsedwa, musadzamufunse ngati ndi chifukwa cha inu. Funso limenelo limafuna kuti iye akutonthozeni, pomwe tsiku limenelo wofunika kutonthozedwa adzakhala iyeyo.

Aphungu