Thabwa Losapala

Lamulungu, 9 Marichi 2014

Mawa ndikuyamba sabata yondiyesa ku shapu ya makabati ku Honeydew, kuno ku Joni. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikumeta kapinga ku Randburg, ine Tawakali amene theka la zitseko za pa Namwera linatuluka m'manja mwanga. Ndikapambana Lachisanu, ndabwerera ku ukalipentala. Ndikalephera, kubwerera ku maluwa a madamu ndi galu wawo wosalemekeza munthu uja. Puleni yanga yopalira matabwa ndainola mpaka ikumeta ubweya wa pamkono. Mkazi wanga Rukiya wati ndikunola ngati ndikupita kozinga ng'ombe.

Lolemba, 10 Marichi

Mutu waima. Shapu yonse mulibe thabwa lenileni ngakhale limodzi. Mbawa mulibe, mlombwa samaudziwa n'komwe. Pulayiwudi yekhayekha, mapepala a mtengo omata ndi guluu, zonse zosalala, zonse zofanana. Kapitawo ndi a Obert, a ku Zimbabwe, koma agogo awo anachokera ku Dedza. Chichewa chawo ndi cha m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Anditenga ngati mbale wawo. Ati Lachisanu bwana, mwini shapu, adzayala zidutswa patebulo, ine ndizitchula dzina ndi ntchito yake. Ati ndisamayang'ane pankhope pa thabwa, nkhope zonse n'zokongola, ndiziyang'ana m'mbali modulamo.

Ndafunsa kuti nanga amapala liti. Aseka mpaka kugwira khoma.

Lachiwiri, 11 Marichi

Ndilembe mitundu ya matabwawa ndisanaiwale.

Shatapulayi: yakuderako, yonyezimira, yoterera. Ndi yothirira konkire. Penti sagwira. Ine ndinaisankha kuti ndiyo yabwino koposa, ya kabati ya pabalaza. Manyazi.

Bachi: yoyera, mizere yambiri yopyapyala yolingana m'mbali. Ya makabati a anthu olemera. Amainyamula awiri ngati wodwala.

Paini: yachikasu, ya mfundo, imanunkhira utomoni. Ya mashelefu ndi kumbuyo kosaoneka.

Marini: yofiirira, yolemera, guluu wakuda, m'mbali mulibe mphako. Ya pamadzi, pansi pa sinki.

Melamini: si pulayiwudi ayi, wangovala malaya oyera. M'kati ndi utuchi. A Obert ati ndikadzamutchula pulayiwudi pamaso pa bwana, ndingonyamula chikwama changa.

Manja akundiyabwa. Tsiku lonse osamva fungo la mapalo.

Lachitatu, 12 Marichi

A Obert anati guluu wa marini ngakhale uwiritse samatuka. Ine sindikhulupirira za kumva. Ndabwera ndi tizidutswa kunyumba, ndaponya mu ketulo, ndayatsa pulayimasi. Melamini watupa ngati buledi wa m'tiyi. Paini wina wa guluu woyera wakanganuka mapepala mapepala. Marini nji, ngati sichinachitike kanthu.

Ndiye Rukiya analowa ndi alendo, amayi awiri a kumzikiti, kudzaphika tiyi. Anavundukula ketulo, anandiyang'ana, anaivundikiranso. Alendo atapita anati, "Bambo a Najma, anzanu Joni imawapengetsa ndi mowa, inu ndi matabwa?" Zandspruit yonse, kuno tikukhala, mawa idziwa kuti ndimaphika mitengo.

Koma tsopano ndikuzizindikira ngakhale nditatsinzina.

Lachinayi, 13 Marichi

Ndapalamula.

Anandipatsa chitseko cha kabati, cha bachi, kuti ndipititse sandipepa pang'ono chabe. A Obert anatuluka kukalandira lole. Ndikuyendetsa chikhatho, ndinamva kanthu katukuka pakati. Kakang'ono, wina sakanakamva. Ine zaka makumi awiri dzanja likamva chotere limadziwa lokha chochita. Sindikukumbuka n'komwe kutsegula chikwama. Puleni kamodzi, fwee. Kukoma kwake! Kachiwiri. Kachitatu nkhope yonse yoyera ija inatuluka ngati khungu la anyezi, pansi pake guluu wakuda ndi mtengo woyenda chopingasa. Dazi lalikulu ngati chikhatho, pakatikati pa chitseko.

Ndinayesa kulinganiza m'mbali mwake. Dazi linakula.

Chitsekocho ndachibisa kuseri kwa mulu wa shatapulayi, ndadula china pa zotsala. Mapalo ndaika m'thumba la thalauza, ndakataya ku renki ya matekisi ngati wakuba. Sindinadye. Rukiya akuganiza kuti ndikadali wokwiya za ketulo. Ndili ndi mantha, ndinene zoona. Madamu ndinawatsanzika kale monyada, ndinabayibitsa ndi galu yemwe.

Lachisanu, 14 Marichi

Bwana anayala zidutswa zisanu. Ndinazitembenuza m'mbali chimodzichimodzi, ndinatchula zonse ndi ntchito zake. Melamini ndinamukankhira kutali ndi chala chimodzi. A Obert anagwedeza mutu monyadira ngati anandibala ndi iwo.

Kenako bwana anawerama pansi pa tebulo, natulutsa chachisanu ndi chimodzi. Chitseko changa cha dazi. Kani shatapulayi ija inali yonyamula lero m'mawa. Anafunsa mofatsa kuti nanga uwu ndi mtundu wanji, poti iye zaka zonsezi sanauonepo. Anyamata onse anasiya ntchito. A Obert maso kudenga, ngati malata awaona lero.

Bodza linafika pakamwa, lakuti chinabwera choncho kuchokera kogula. Koma mizere ya puleni inali poyera, yowongoka bwino, ndipo mu shapu yonse mwini puleni ndi mmodzi. Ndinati, "Ndi bachi, bwana. Wometa ndine."

A Obert anamasulira. Bwana anaseka mpaka kutsokomola, anapukuta magalasi, anayendetsa chala pa dazipo nthawi yaitali. Anati kupala kwake n'kwaukhondo, sanaonepo munthu akuwononga katundu mwaluso chonchi. Chitsekocho achikhomera pakhoma pamwamba pa benchi langa kuti ndizichipatsa moni m'mawa uliwonse.

Benchi langa. Anatero ndithu.

Lamulungu, 16 Marichi

Rukiya waphika mpunga ndi nkhuku, wagula ndi ketulo ina, yakaleyo wati ndi yanga ya matabwa. Ndaimbira foni achimwene ku Namwera kuti ndabwerera pa ukalipentala. Anakondwa, nafunsa kuti mitengo ya ku Joni ikupalika bwanji. Ndinati netiweki ikuvuta.

Mawa 7 koloko. Lamulo a Obert anandiuza pachipata, ndi Chichewa chawo cha m'buku chija, ndi limodzi lokha: puleni itsale kunyumba. Ndaipaka mafuta, ndaikulunga m'nsalu, ndaiika pansi pa bedi. Ndaitulutsanso kawiri.