Mwana wanga wachekenira yekha mapiko onse awiri

Aphungu,

Ndine bambo wa mwana mmodzi, ndipo ndimayendetsa chigalimoto chonyamula miyala pamgodi wa chitsulo kudera la chipululu la Pilbara. Banja langa lili kutali, mumzinda wa Bunbury. Ndege ya kampani imakatitula kumgodi, timakhala kumeneko masabata angapo, kenako imatibweza kwathu kuti tikapume. Moyo wake ndi umenewo, ndipo ndinali nditauzolowera.

Mwana wanga Marnie ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyambira ali wamng'ono amakonda tizikumbu tofiira ta madontho akuda timene timatera pamtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba yathu. Mayi ake, Corinne, anamugulira buku la zithunzi za tizikumbuto kuti azichekenira, ndiye ine ndi iye tinayamba kamwambo kathu. Ndikamanyamuka, amang'amba pepala limodzi, n'kuchekenira phiko lakumanzere, lakumanja n'kundisiyira kuti ndikamalizire kuntchito.

Musandiseke, Aphungu. Ndikaweruka ndimakhala pakhomo pa kachipinda kanga ka malata, bokosi la chekeni lili pamwendo. Kumeneko chilichonse n'chofiira, nthaka, nsapato, ngakhale thaulo, koma kufiira kwa papepala paja n'kwina. Ndikayamba kupaka pang'onopang'ono, phokoso la makina limachoka m'makutu. Ndimamva fungo la masamba a mandimu, ndimaona Marnie atagona chafufumimba pakhonde, kalilime kali panja, akulimbana ndi mzere kuti asaudumphe. Nthawi zina ndimalota ndili maso kuti kachikumbuko katambasula mapiko, kadutsa chipululu chonse, kakatera pachala chake ine ndisanafike.

Mnzanga Tevita, wa ku zilumba za Tonga, atandipeza koyamba anaseka mpaka kukhala pansi. Anati, "Aise, chibambo chonsechi, ndi ndevu zomwe, wayambiranso sukulu ya mkaka?" Masiku ano amabwera yekha osaitanidwa, n'kumati, "Ulibe kapepala kapadera? Tandipatseko chekeni, koma zofiira zakozo zatikwana, ine ndipaka chikasu."

Chandivuta ndi ichi. Ulendo wapitawu, tili pabwalo la ndege, Marnie anandipatsa pepala lopinda monga mwa nthawi zonse. Nditalitambasula m'ndege ndinapeza mapiko onse awiri atachekeniridwa kale, mwaukhondo, osandisiyirako ngakhale dontho. Nditamuimbira foni anangoti, "Ndamaliziratu ndekha, adadi. Kachikumbuka kamatopa kudikira ndi phiko limodzi." Atatero anapereka foni kwa mayi ake.

Corinne akuti, "Bambo a Marnie, musadzivute, mwanayu akungokula." Mwina n'zoona. Koma mtima ukundiwawa, ndipo bokosi lija ndangoliponya pansi pa chikwama. Kuwonjezera apo, abwana andiuza kuti ndikafuna andikweza pantchito, koma ndizikhalitsa kumgodi kuposa pano, ndipo akudikira yankho. Kodi mwana wangayu ndikumutaya? Ndivomere udindowu, kapena ndingosiya ntchito ndibwerere kwathu?

D.K., Bunbury

Bambo D.K.,

Sindikukusekani. Munthu amene amanyamula bokosi la chekeni popita kumgodi ndi bambo wabwino, ndipo mnzanu Tevita mumuuze agule lake.

Koma akazi anu akungokutonthozani. Kukula akukuladi, komabe mwana wakuuzani mosapita m'mbali. Kachikumbu ka papepala sikatopa, watopa ndi Marnie. Inu mukamapaka phiko lanu mumakhala naye m'maganizo, mtima n'kukhala pansi. Nanga iye? Amatsala ndi buku lothothoka masamba ndi mpando wopanda munthu patebulo. Kamwambo aka kakhala kakukutonthozani inuyo kuposa iye, ndipo simunadziwe.

Za kukwezedwazo, kanani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Udindo udzabweranso, koma mwana sakhala wa zaka zisanu ndi ziwiri kawiri. Ntchito imene muli nayoyi musaisiye mopupuluma chifukwa cha pepala limodzi. Khalani pansi ndi Corinne, mumufunse mmene iye zikumukhalira, chifukwa nayenso amatsala, ndipo anthu amene amatonthoza anzawo kawirikawiri alibe owatonthoza. Ngati ilipo ntchito yapafupi ndi kwanu, muziifufuza modekha muli awiri.

Mukafika kunyumba musafike ndi zidole zogula pabwalo la ndege, ndipo mwanayo musamupanikize ndi mafunso ngati wapolisi. Zimitsani foni, mugone chafufumimba pakhonde pomwepo, bukulo mulitsegule pakati panu. Chekenirani kachikumbu kamodzi nonse awiri nthawi imodzi, mitu ikugundana, mukulimbirana chekeni. Akafuna kuti kakhale kobiriwira, musiyeni. Msana ukayamba kudandaula, pitani kumtengo wa mandimu mukafunefune tizikumbu teniteni, ndipo kamodzi kakamutera pachala, musayang'ane wotchi.

Tsiku lonyamuka, tembenuzani mwambo. Inu ndi amene muchekenire phiko limodzi, linalo mumusiyire, ndipo musamufunse pafoni ngati wamaliza. Mwina amaliza tsiku lomwelo, mwina pepalalo likhala pafiriji mpaka mudzabwere. Mulaweko nanunso kudikira.

Pomaliza ndikuchenjezeni. Mwana akasiya kudandaula, musamadzinamize kuti wazolowera. Panopa akadali kukupindirani pepala, ngakhale lomaliza kale, ndipo akadali kukuuzani chimene chikumuwawa. Tsiku loti muliope ndi limene adzakuperekezeni ku ndege ali chimanjamanja, akumwetulira bwinobwino.