Mchenga Woyera M'sutikesi ya Amayi

Makwasa, Thyolo
14 Juni, 2003

Okondedwa achimwene a Stafford,

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri ndili kusukulu. Kuno chiperoni chatha sabata yathunthu. Minda ya tiyi yangoti mbuu, othyola akungomveka mawu osaoneka. Amayi aliko bwino, kupatula mawondo aja.

Ndawerenga katatu za boti la amalonda limene munalipeza litatembenuzika kufupi ndi malire, pamene mumalondera panyanja. Anthu khumi ndi anayi amene inu ndi asilikali anzanu apamadzi munawavuula mwawapatsa mzere umodzi wokha. Masamba awiri onse mwadzaza ndi kamtsikana kamene kanakupulumukani m'manja. Mukuti musiya ntchito, poti madzi akulandani mwana kachiwiri, monga anakulandirani mlongo wathu Jean padamu la esiteti.

Musanakaonane ndi akuluakulu anu, mundimvere kaye.

Amayi akudziwa kumene muli. Zaka zisanu ndi chimodzi takhala tikuwanamiza kuti muli kukampu ya ku Zomba, chifukwa chimwalirire Jean sankafuna mwana wawo aliyense ayandikire madzi. Pa Sabata lapitali anandituma buku la nyimbo m'sutikesi yawo, ndipo pansi pa nsalu ndinapeza kabotolo ka mankhwala, m'kati mwake muli mchenga woyera. Nditawafunsa, anandiuza kuti ndi umene amakutumula m'matumba a yunifolomu yanu nthawi iliyonse mukabwera patchuthi.

"Kwathu kuno dothi ndi lakatondo, ku Zomba nakonso ndinafikako, mchenga wotere kulibe," anatero. "Inu ana mumayesa ndinabadwa dzulo?"

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanatiuzire zaka zonsezi kuti akudziwa. Anandiyankha kuti:

"Akavuula mwana wa mnzanga, ndimati wandivuulira wanga."

Tsono pali china, chimene dzanja langa likukana kulemba. Tsiku limene Jean anamira, Amayi popita kothyola tiyi anasiya mwanayo m'manja mwanga, osati mwanu. Inu munali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mukuumba ng'ombe zadothi kuseri kwa nyumba ya pampu. Ine ndinali ndi khumi ndi zisanu, ndipo ndinazemba kupita kumabulugama kukacheza ndi mnyamata wina woyendetsa thirakitala, amene lero ngakhale nkhope yake sindiikumbuka. Kapitawo wa paesiteti atamunyamula Jean, diresi lake lachikasu likudontha, ndinakugwirani paphewa anthu onse akumva, n'kunena kuti ndinakuuzani mumuyang'anire.

Sindinakuuzeni, achimwene. Sindinakuuzeni chilichonse.

Munangogwedeza mutu, ndipo munakhulupirira. Ndinakuonani mukuphunzira kusambira mobisa padamu lomwelo, milomo itachita bii ndi kuzizira. Ndinakuonani mukusankha usilikali wa pamadzi pamene anzanu ankathamangira wa pamtunda. Nthawi zonsezo ndinkadziwa chimene chikukukankhani, koma ndinkangokuchitirani kamba wa paulendo.

Damulo ndimalidutsa m'mawa uliwonse. Chiperoni chikagwa chonchi, pamakhala kamphindi kamene ndimaona chachikasu m'mphepete mwa bango. Ndimadziwa kuti ndi maluwa chabe, komabe ndimafulumiza mwendo.

Ngati mukusiya ntchito chifukwa mwatopa, siyani, bwerani kuno mudzapume. Koma musasiye poganiza kuti manja anu ndi otaya ana. Anthu khumi ndi anayi adya ndi abale awo lero chifukwa cha manja amenewo. Ndipo mphepo ya mwera ikadzagubuduza boti lina, amene ali m'madzi adzayang'ana kumene kuchokere boti lanu.

Amayi ndiwauza za Jean mawa tikatha kupemphera. Ndafuna kuti kalatayi iyambe yalowa m'bokosi la positi, kuti ndisathenso kubwerera m'mbuyo.

Alamu anu a Elson akupereka moni. Amayi akuti muzivala juzi ija mukakhala paboti, ndiponso kuti kabotolo katsala pang'ono kudzaza, mubwere mu Ogasiti. Mukabwera, mukapanda kufuna kundiona, ndidzamvetsa. Ndidzakusiyirani makiyi kwa aneba.

Ndine mlongo wanu, ngati mundilolabe,
Hazel