Masamba Awiri a La Veleta

Buenos Aires, 9 Novembala 1987

Wokondedwa mng'ono wanga Ubaldo,

Ndiyambe ndi moni. Uli bwanji kumphepo kwanuko ku Comodoro? Mlamu Zulema ndi ana ali bwanji? Bondo lija unkadandaula nalo pa khadi la Khirisimasi linaleka kuwawa? Kuno tilipo. Mlamu wako Nélida shuga wamutsikako, ine ndi maso okha amene ayamba kundinamiza.

Kalata iyi usaiponye m'kabati ngati zinzake. Khala pansi, tenga tiyi wako wa mate uzimwa, chifukwa ndili ndi nkhani.

Nyuzipepala yathu ikutsekedwa. Lachisanu pa 27 mwezi uno La Veleta ituluka komaliza. Udabwa kuti nanga mkulu wakoyu akusangalalira chiyani pamaliro. Dikira kaye.

Ukukumbukira bambo akutitengera kuntchito kwawo tili ndi makabudula? Ikakwana faifi koloko msewu wonse unkadzaza anthu odikira pepala likadali lofunda. M'tramu, sitima ya mumsewu ija, munthu sunkamuona nkhope, unkangoona La Veleta yokhayokha mpaka kumbuyo. Lipenga la padenga lija likalira, ometa ankasiya munthu ndi sopo kumaso kuthamangira kudzamva chachitika.

Zonsezo zinapita, achimwene. Matramu anachotsedwa. Anthu anasamukira kutali, amabwerera kwawo pagalimoto, ndipo woyendetsa galimoto sawerenga. Malole athu amakakamira mumsewu, pepala la madzulo nkufika anthu atadya kale. Akafika kunyumba kanema wawauza zonse. Tinalipo mazana asanu ndi limodzi, lero tatsala makumi anayi, ambiri a imvi.

Tsono imva izi. Eni ake atalengeza, Don Casimiro, mkonzi yemwe uja, anaimirira ndi ndodo yake nkuwauza kuti nyumbayo agulitse, makina agulitse, koma pepala lomaliza asalikhudze, ndi la ife antchito. Anavomera! Chiyambire tsiku limenelo muno muli ngati mukukonzedwa ukwati. Opuma ntchito akubwera okha, wina wabwera ndi mpando wamatayala nkumakalipa kuti zilembo zosindikizira tazisokoneza m'madirowa. Padzakhala nyama yootcha pabwalo la malole.

Ndipo lipenga talikonza. Linakhala chete zaka khumi ndi zisanu, mkati munali zisa za nkhunda. Titaliyesa pang'ono Lachiwiri, mayi wogulitsa maluwa pakona anagwetsa ndowa nkutitukwana tonse ndi makolo athu omwe. Ndinaseka mpaka misozi. Kenaka ndinapeza kuti sindikusekanso, ndikulira, chifukwa womaliza kuliliza mokondwa m'banja mwathu unali iwe.

Apa ndiye pali nkhani yanga yeniyeni, Ubaldo.

Ukudziwa mwambo wathu. Mpira waukulu ukamatha nthawi yosindikiza itayandikira, tinkakonzeratu masamba oyamba awiri, lina lonena kuti awa apambana, lina kuti awo apambana. Woimbira akangoliza wezulo, tsamba loona limapita kumakina, linalo limaphwasulidwa.

Lamulungu lija la 1958, anyamata a kudoko akusewera ndi a kunjanji, iwe ndiye unali woyang'anira tsamba loyamba. Unakwera padenga kukadikira pa lipenga, nkundiuza kuti nditumize tsamba pokhapokha mpira utatha.

Sindinadikire. A kudoko, timu yanga, anali patsogolo ndi chimodzi, kutatsala mphindi zinayi. Ndinamanga tsamba lawo, nkulikankhira kumakina, nkukukuwira kuti liza, ine ulendo kumsewu kukavina. A kunjanji anachinya ziwiri ine ndikukumbatirana ndi anthu osawadziwa.

Mapepala zikwi makumi asanu ndi atatu anatuluka ndi bodza pamutu. Mzinda wonse unatiseka, ena mpaka lero analiika m'felemu m'mabala mwawo.

M'mawa mwake Don Casimiro anafunsa kuti wachita ndani. Ndinayang'ana nsapato zanga. Iwe unandiyang'ana kamodzi kokha, nkunena kuti tsamba linali lako. Nélida anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo ndikudziwa kuti ndicho unaganiza. Anakuchotsa tsiku lomwelo. Bambo sanakulankhule mpaka unakwera sitima, ndipo anamwalira akuganiza kuti unawachititsa manyazi ndiwe.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikukulembera za nyengo ndi za mitengo ya nyama. Ndine wamantha, mng'ono wanga. Ndinadya ntchito yako, ndinalerera ana dzina lako, osanena ngakhale zikomo.

Lachitatu ndinalowa mu ofesi ya Don Casimiro nkuulula zonse. Mkuluyo anati pa moyo wake waona abulu ambiri, koma bulu wochedwa ngati ine sanamuonepo. Anati nyuzipepala ya madzulo imakhululuka zonse kupatula kuchedwa. Ndinati andichotse ntchito. Anati andichotse bwanji poti tonse tachotsedwa kale, chitsiru iwe.

Atatero anakoka pepala nkulemba yekha. Kukonza cholakwa kuja timabisa patsamba lakumbuyo ndi tizilembo ta nyerere, ulendo uno kukhala patsamba loyamba. Kudzanena kuti cholakwa cha mu 1958 sichinali cha Ubaldo Ferraro, chinali cha mkulu wake Anacleto. Zilembo zake ndazitola ndekha, ndipo dzina langa sindinalichepetse.

Nditauza Nélida anandiponyera nsanza yopukutira mbale kumaso, nkunena kuti iye anadziwa kalekale, ankangodikira tsiku limene ndidzakule.

Tsono pempho langa ndi ili. Bwera. Anthu onse agwirizana kuti lipenga lomaliza ulize ndiwe. Sindikuti undikhululukire, zimenezo ndi zako. Ukafuna udzanditukwane pamaso pa onse, ndidzakugwirira chipewa. Koma pakapita pa 27 sipadzakhalanso pepala, denga kapena lipenga, ndipo ine ndidzakhala ndilibe pokubwezera dzina lako iwe ukuona.

Basi yochoka kwanuko Lachinayi m'mawa imafika pa siteshoni ya Retiro Lachisanu cha m'ma 11. Chipinda cha mwana wathu Graciela chili chokonzeka, wakwatiwa uja unamusiya ali m'mimba.

Monga mwa mwambo, ndakonza masamba oyamba awiri. Lina likuti lipenga laliza ndi Ubaldo Ferraro, amene wabwerera kwawo. Linalo likungoti lipenga lalira. Onse ali patebulo langa, ndawafunditsa nsalu. Anzanga akundikakamiza kuti ndimangiretu loyambalo poti akuti ubwera basi. Ndakana. Ndidzaima pa Retiro mpaka munthu womaliza atatsika m'basimo, ndipo palibe tsamba lidzapite kumakina ndisanaone ndi maso anga.

Ulendo uno ndidikira mpaka wezulo.

Mulungu akusunge ndi banja lako lonse. Undiperekere moni kwa mlamu Zulema, umuuze kuti akulongedzere malaya opepuka, kuno kwayamba kutentha. Moni kwa ana ndi adzukulu amene sindinawaonebe.

Ndine mkulu wako wochedwa uja,
Anacleto