Manambala a Bambo pa Tsiku la Chisankho

Achimwene a Warwick,

Ndikhulupirira kutentha kwa ku Darwin sikunakumalizeni. Kuno ku Melbourne tilipo, ndipo mandimu munadzala aja abereka mpaka nthambi kuthyoka.

Chisankho chinachitika Loweruka. Dera lathu, lomwe lakhala ndi phungu wa chipani cha bambo kuyambira tili ana, latipulumuka. Anasuntha malire, ndiye anthu a nyumba zatsopano za kuseri kwa njanji anavotera kwina.

Bambo anavala jekete lawo lija n'kukaima pageti la sukulu yovoterapo ija, pomwe akhala akugawa timapepala ta chipani zaka makumi atatu. A Noreen, owotcha masoseji aja, anawaputa: "A Desmond, mukadali moyo? Chaka chino tikugwetsani." Iwo anangomwetulira. Inu munawaonapo bambo akuputidwa osabweza?

Kenaka tinalowa kukavota. Mukudziwa kuti kuno munthu amalemba manambala m'timabokosi tonse ta opikisana, kuyambira 1 pa amene akumufuna kwambiri, apo ayi voti yawonongeka. Mumsewu mwathu monse anatiphunzitsa zimenezi ndi bambo. Anakhalitsa pamalo polembera paja, kenaka anandikodola. Anali atalemba 1 ndi 2 basi, pensulo ili m'malere.

"Glenys," anatero motsitsa mawu, "kodi ikatha 2 imabwera nambala yanji?"

Woyang'anira chisankho anandilola kuwathandiza. Kunyumba sitinaikambe nkhaniyi. Bambo akuti tagonja chifukwa cha malire, ine ndimangovomera.

Adokotala atiitana Lachinayi. Zina n'zosalemba m'kalata. Mukapeza tchuthi, musadikire Khirisimasi. Dzina lanu akulitchulabe bwinobwino.

Ndine mlongo wanu,
Glenys