Yankho la Bambo

Lolemba, 9 Febuluwale

Okondedwa Achemwali,

Kuno kwacha ndi mvula yowaza, ija yosadziwa kukata. Madzi akudontha m'ndowa ya pakhonde, maminibasi akuliza mahutala kumsewu, koma m'nyumba muno muli zii. Kusukulu sindinapite, mutu sukugwira. Ndikhulupirira inu muli bwino kumeneko. Khalani pansi musanapitirize kuwerenga.

Lamulungu la sabata yatha amayi anasita malaya a bambo monga mwa nthawi zonse. Bambo anangowayang'ana malayawo ali pampando, n'kunena kuti, "Mayi a ana, ine kutchalitchi sindipitanso. Ndakhala ndikungogwada chabe. Kumwambako ndikuona kuti kulibe aliyense."

Achemwali, bambo athu omwewa, amene ankatimenya padzanja tikayamba kudya osapemphera! Amayi anaseka kaye poyesa nthabwala, kenako anangokhala pansi pasimenti.

"Ndiye chingakuletseni n'chiyani kutipha tonse m'nyumba muno?" anafunsa.

"Mukuona ngati ndamera nyanga?" anayankha bambo.

Tsiku lomwelo amayi anatenga mng'ono wanu n'kupita kwa amalume. Sabata yonse tinatsala awiri, tikudya osayang'anana.

Loweruka amayi anandiitanitsa. Anati, "Ukawauze bambo ako kuti sindikupempha zambiri. Azingovala tayi n'kukhala pabenchi lakumbuyo. Za mumtima mwawo n'zawo. Akavomera, ndibwerera mawa lomwe."

Bambo ndinawapeza kugalaja, miyendo yokha ikuoneka kunsi kwa minibasi, akukangana ndi mwini wake. Paipi ya mabuleki inali itang'ambika, ndipo mkuluyo ankafuna kuti angoimanga ndi mphira galimoto ikanyamule anthu.

"Amisiri, mangani basi, Mulungu atiyang'anira," anatero. "Kapena poti ndamva kuti mwamuchotsa ntchito?"

Anyamata a pagalaja anafa nacho chiseko. Bambo anatuluka kunsiko, nkhope ili bii ndi oyilo.

"N'chifukwa chake sindimanga. Kaguleni paipi, apo ayi ikankheni muzipita."

Mkulu uja atachoka akutukwana, ndinalimba mtima n'kufunsa. "Bambo, ngati kulibe wotiona, mukuvutikiranji?"

Anapukuta sipanala nthawi yaitali. "Kale ndikanamanga, n'kunena kuti zikavuta ndi chifuniro cha Mulungu, n'kukagona tulo tabwino. Pano ndikudziwa kuti galimoto ikamatsika mtsetse itadzaza ana a eni, palibe dzanja lina loigwira. Ndi langali basi. Ukuyesa n'zokoma? Zikundiopsa kuposa moto umene ankatiopseza nawo uja."

Ndinkayesa munthu akasiya Mulungu amapepukidwa, koma bambo ankaoneka ngati asenza injini pamutu.

Nditawauza uthenga wa amayi anati, "Ukawauze kuti ndiziwaperekeza mpaka pachipata, ndiziwadikira panja, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Koma kulowa n'kumayankha ameni, ayi. Ndawanamiza mokwanira mayi ako."

Apa ndiye pamene ndikufuna mundimvetse. Pobwerera kwa amalume ndinaona kuti nkhani yonse ili pakamwa panga. Ndikanangoti "avomera", amayi akanalongedza pomwepo, ndipo mwina akanati akalowa m'nyumba mwawo, kutulukanso kukanawavuta. Ndinaima kuseri kwa mpanda ndikuyesa kupemphera, koma kwa nthawi yoyamba sindinadziwe ngati alipo wondimva. Ndinadikira kuti china chake chindiletse kapena chindikankhe. Panalibe. Panali nkhuku za amalume zikupalasa, ndi ine.

Ndinalowa n'kunena mawu a bambo momwe analili, osachotsa, osaonjezera.

Amayi anandiyang'ana mpaka ndinazolika. "Nanga iwe?"

"Sindikudziwa, amayi."

Anadziphimba kumaso ndi nsalu. Amalume anati, "Onani, matendawa ngopatsirana," n'kundilozera chitseko.

Achemwali, ndinalakwa? Bodza lake linali laling'ono ngati njere, ndipo likanatibwezera amayi. Mundiyankhe mosandinyengerera. Chonde muwaimbire amayi foni, inu amakumverani. Mukamalankhula ndi bambo musawakalipire, aonda kale. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, koma izi musawauze kaye.

Dzulo bambo anavala malaya osasita n'kukaima pachipata cha tchalitchi mpaka mapemphero anatha, anthu akuwalambalala ngati chithaphwi. Masana anafika kunyumba atanyowa, atabereka mng'ono wanu, chikwama chake cha kusukulu chili m'manja. Amalume anawaperekeza kuchokera kwawo mpaka pamsewu wathu, osalowa m'nyumba. Amayi anamulola mwanayo kubwerera, koma iwo sanabwere.

Ndine mlongo wanu,
Kadzidzi wanu uja